Bokosi Lonunkha Usipa

"Iwe wa Fomu 4, bokosi ili lingaonetse zithunzi pa TV wamba, kapena sukulu yako ija inali yophunzira kuponda mchenga?"

Anandifunsa funsoli ndi a Eveles, mayi anga aang'ono, m'chaka cha 2002, nditangomaliza mayeso, ndikungozungulira ku Senga Bay kudikira zotsatira. Ndinati sindikudziwa. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu nati, "Ndimadziwa. Mwana wa Mose," n'kulowa m'nyumba. A Mose ndi bambo anga, ndipo a Eveles anali mkazi wa mng'ono wawo, malemu a Wilfred. Zambiri ndalembazi ndinazimva kwa Rute, mwana wamkulu wa a Eveles, ndi kwa anthu ena amene analipo, chifukwa eni ake sandilankhula. Amene akufuna nkhani ya mayi wokoma mtima atembenuze tsamba, pano palibe.

A Eveles anabadwira ku Chinguluwe, m'banja la alimi a mpunga. Sukulu anailekera Sitandade 6 chifukwa mpunga ukayamba kucha pankafunika woingitsa mbalame, ndipo mwa ana onse iwo ndiwo anali ndi mawu. Mawuwo akadali nawo mpaka lero: akaitana mwana ali pamsewu, amavomera wa kugombe. Koma munda ankadana nawo. Ankadana ndi matope ofika m'mawondo, misundu yokakamira m'miyendo, msana wowerama tsiku lonse. Ali mtsikana analumbira pamaso pa amayi awo kuti akadzachoka kumadamboko sadzabwereranso akupuma.

Anachokadi. Ankabweretsa mpunga pa loji ina ku Senga Bay, ndipo tsiku lina kalaliki wa pamenepo, a Wilfred, anati mpungawo uli ndi miyala. A Eveles anakhuthulira thumba lonse pasimenti nawauza kuti atole mwala umodzi awaonetse. A Wilfred anagwada, anafufuza, mwala sanaupeze, koma chaka chisanathe anakawatenga chitengwa, ndiye kuti mkazi ndiye anadzakhala kwawo kwa mwamuna. Abale a mwamuna sanawalandire. Ankawatcha "wa kumatope". Iwo ankabweza pompo: "Matope amabala mpunga. Mchenga wanuwu umabala chiyani, matekenya?" Anabereka ana aakazi awiri, nayamba geni ya usipa wouma, kukagulitsa ku Lilongwe m'madengu akuluakulu aja.

Kompyuta inafika m'nyumba mwawo mu 1999. Mwini loji anagula zatsopano, yakale n'kuwapatsa a Wilfred. Inali nthawi ya matipate, aliyense ali ndi choti alembe: makomiti a zipani, kalabu ya asodzi yopempha injini ku bungwe, anyamata ofunsira ntchito. A Wilfred akaweruka ankakhala pakhonde kutayipa, anthu ali pamzere. A Eveles sankaigwira kupatula poipukuta fumbi ndi kuifunditsa kansalu koluka. Kwa iwo inali ngati mkazi wachiwiri wofatsa amene amadyetsa banja.

A Wilfred anadwala nthawi yaitali, namwalira m'dzinja la njala ija, kumayambiriro kwa 2002. Atameta maliro, abale anasonkhana kugawa katundu. A Mose, monga mwinimbumba, anakhala pampando wa malemu, zinthu zikutulutsidwa pabwalo: njinga, matiresi, suti, wailesi. Kompyuta inatuluka zidutswazidutswa, chifukwa anyamata onyamula anazula zingwe zonse. Tsono kwathu kuno pogawa za malemu, chilichonse chimene chinyamulika pachokha ndi katundu payekha. Ukonde ukhoza kupita kwa uyu, nyali zake kwa uyo, ndipo palibe amadabwa. Ndi mmene anagawira kompyuta.

"Kanemayu ndi wanga," anatero a Mose, dzanja lili pamwamba pa sikirini, galasi lija loonerapo. Mlongo wawo anatenga makina osindikizira, mawa lake n'kukagulitsa kuboma. Panatsala bokosi lachitsulo lotuwa ndi zingwe zake, kiyibodi ndi mausi. A Mose analinyamula, naligwedeza kukhutu ngati akuyesa dzira, naliika pamapazi pa wamasiye.

"Alamu, ili ndi lanu. Muzikhalapo posankha usipa." Anthu anaseka. "Ndipo mvula ikatha tidzakusudzulani, muzipita kwanu. Nyumbayi ili pamalo athu."

Kusudzula ndiko kumasula wamasiye kuti ukwati watha, abwerere kwa makolo ake. Kwa a Eveles mawu amenewo anatanthauza chinthu chimodzi chokha: Chinguluwe, matope, misundu, ndi ana awo awiri akuingitsa mbalame. Za bokosi sanaganizeko. Tinene zoona, iwonso ankayesa kuti mpunga wapita, awasiyira mankhusu.

A Mose anakweza sikirini pakabaza, nakagula eriyo kuboma, naimangirira kunsungwi yaitali kuposa denga la tchalitchi. Anaitana amuna anzawo kudzaonera mpira. Atafuna polowetsa waya wa eriyo, anapasowa. Anayatsa: kanyali kakang'ono kanangophethira pakona, galasi lili bii. Anthu anakhala pamenepo kuyang'ana nkhope zawo zomwe m'galasimo, mpaka mnyamata wina wogwira ntchito kuloji anawamvera chisoni nawauza kuti chimenecho si TV, zithunzi zimachokera m'bokosi muja. Sabata isanathe gombe lonse linkati kanema wa a Mose ndi wapamwamba, amaonetsa oonera.

Anapita kwa mlamu wawo, nawapeza pakhonde atakhaladi pabokosi, lichero la usipa lili pamiyendo.

"Alamu, tinalakwitsa pang'ono pogawa paja."

"Ndani analakwitsa?"

"Tonse."

"Ine ndinali pamphasa, mutu uli mpala, ndikulira. Ndinalakwitsa ndi chiyani, ndi misozi?"

"Bokosi limenelo ndi kanema uja ndi chinthu chimodzi."

"Ndiye bweretsani kanemayo."

"Mkazi wobwera sasunga chuma cha mbumba."

"Mpando wanga wosankhirapo usipa wasanduka chuma lero? Ndakhalapo, alamu. Dikirani ndidzuke."

Sanadzuke. A Mose anaima, anakhala pachitsa, anaimanso, mpaka njala inawabweza kwawo. Mvula inatha, za kusudzula zinayamba zadikira, chifukwa a Mose anaona kuti akawathamangitsa tsopano bokosi lipita nawo ku Chinguluwe monga gawo lawo. Ankafuna atenge bokosi kaye, mayiyo atsatire. A Eveles anazindikira zimenezo, nazindikiranso kuti chitsulo chotuwacho ndicho chikuwasunga pamalopo. Koma mpando sudyetsa ana. Geni ya usipa inali itafooka, anthu m'tauni akugula chimanga chokha.

Apa m'pamene analowa a Mustapha. Anali ndi vidiyo sho kufupi ndi mzikiti, chisakasa cha mabango chofolera malata, mabenchi a mapulanga, TV yaikulu ndi dekhi yokalamba imene inkatafuna matepi ngati mbuzi. Anyamata ochokera ku Tanzania anali atayamba kubweretsa mafilimu pa masidi, matepi akusowa. A Mustapha ankadziwa kuti bokosi la malemu lili ndi kathireyi kolandira sidi, popeza anaonapo a Wilfred akukatulutsa.

"Mayi, inu muli ndi thupi, ine ndili ndi maso," anatero. "TV yanga, bokosi lanu. Zolowa tigawane. Wallahi sindikuberani."

"Onse amene anandibera anayamba ndi kulumbira."

"Ndiye muzikhala pakhomo ndinu. Ine ndizingosesa."

Zimenezo anazivomera. Vuto linali lakuti kumbuyo kwa bokosi kunalibe bowo lolandira waya wa TV. Ndiyo nthawi imene anandifunsa funso lija. A Mustapha anafunsafunsa kwa madalaivala, namva kuti ku Lilongwe, kuseri kwa depoti ya mabasi, kuli munthu wina dzina lake Dumisani amene amakonza makompyuta akale, ndipo chofunika ndi khadi, kathabwa kobiriwira kamene amakazika m'kati kuti kazitulutsa zithunzi.

A Eveles ndi a Mustapha anamasula bokosi ndi mpeni. M'kati munali fumbi, mazira a mphemvu, ndi timipata tozikamo makhadi, tina takuda, tina toyera. A Eveles anachita zimene mayi aliyense kwathu amachita pogula nsapato za mwana amene watsala kumudzi: anathyola kabango, nayeza mpata wautali kuposa yonse, nakadula bwinobwino, nakamanga pansonga ya chitenje. A Mustapha anati awatumire dalaivala. Iwo anakana. "Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndipita ndekha."

Dumisani anali mnyamata woonda, wamagalasi omangidwa ndi waya, m'kachipinda kodzaza mabokosi ofa mpaka kudenga. Ataona kabango anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, si nsapato izi."

"Ndiye wasekeranji? Yeza."

"Mpata munayezawo ndi wa mtundu wanji, wakuda kapena woyera? Wabulawuni ulimo?"

"Ukufuna kugulitsa khadi kapena penti?"

"Popanda kuliona bokosilo ndikugulitsani chinthu choti mukachitaya m'nyanja. Bwerani nalo."

Kubwera nalo ndiye kunali kovuta. A Mose anali atauza akabaza onse ndi madalaivala a matola kuti katundu wa mbumba asatuluke m'mudzi. A Eveles analikulunga m'pulasitiki ndi zitenje, naliika pansi pa dengu, nathira usipa mpaka pamwamba, nasoka chiguduli pakamwa pake monga mwa masiku onse. Pasiteji anapeza a Mose atakhala pamthunzi, akuona anyamata awiri akubuula pokweza dengulo.

"Lalemera lero dengu, alamu."

"Usipa wa chaka chino ndi wonona. Mukanapitako panyanja mukanadziwa, koma muli kalikiliki kuonera kanema."

Akabaza anaseka, a Mose n'kutembenukira kwina. Pulasitiki inang'ambika panjira, ndipo kuyambira tsiku limenelo bokosi likatentha limatulutsa fungo la usipa. Amene anaonerapo filimu kwa a Mustapha akudziwa zimene ndikunena.

Dumisani anatsegula, anauzira fumbi, anatola mitu ya usipa m'kati, nalumikiza bokosi ku sikirini yake. Linadzuka. Rute akuti amayi ake anamuuza kuti pagalasipo panabwera timapepala tonse ta malemu, monga anatisiyira tsiku lomaliza kukhala pakhonde. Dumisani anaika sidi. Filimu inayamba, koma anthu ake ankayenda ngati wachibwibwi akulankhula, dzanja likakwera limaima m'malere.

"Khadi lili m'katimu ndi lofooka," anatero. "Linapangidwira makalata, osati mafilimu. Lichoke." Anayala makhadi atatu patebulo.

Loyamba linali latsopano, lalikulu, lili ndi kafani kake, m'katoni yojambulidwa chinjoka. A Eveles analinyamula, namva kulemera kwake, ndipo mtima wa munthu wogula nsomba unawauza kuti ndi lomweli.

"Limenelo lisiyeni," anatero Dumisani. "Limafuna mpata wabulawuni. Bokosi lanu ndi lakale, lili ndi yoyera ndi yakuda basi. Sililowa."

"Ndiye walionetseranji?"

"Kuti musadzanene kuti ndinakubisirani labwino."

"Silingapalidwe pang'ono? Thabwa la boti likakana amalipala."

"Mukalipala lafa."

Lachiwiri linali laling'ono, laukhondo, lolowa mumpata woyera. Dumisani anati limatulutsa zithunzi zakuthwa ndipo filimu imayenda bwino, koma kumbuyo kwake kunali bowo limodzi lokha, labuluu, la sikirini ya kompyuta. Lachitatu linali lakale, lochokera m'bokosi la munthu wina, pakona litabenthuka. Linali ndi bowo labuluu lomwelo, ndiponso kabowo kozungulira kachikasu, kolandira waya wa TV.

"Ndikulangizeni, mayi? Tengani lachiwirili, musunge pang'onopang'ono mudzagule sikirini yakale. Mukatero ntchito ya malemu ipitirira, mwana wanu aphunzira kutayipa. Mukatenga lachitatuli, filimu pa TV ioneka, koma zilembo ziziyandama ngati mukuwerenga pansi pa madzi. Makalata muiwale."

A Eveles anayang'ana timapepala ta malemu pagalasi la Dumisani. M'maganizo mwawo anaona Rute atakhala pakhonde pamalo pa bambo ake, anthu ali pamzere. Kenako anaona a Mose akuwoloka bwalo ndi anyamata awiri, kunyamula bokosi ndi sikirini yatsopanoyo pamodzi, n'kunena kuti zonse ndi za mbumba. TV ya a Mustapha yokha a Mose sakanaigwira. Inali ya munthu wakunja, wa mtundu wina, wokhala ndi abale ake aukali.

"Lobenthukalo," anatero.

"Mwamva zimene ndanena za zilembo?"

"Ndili ndi makutu. Zika."

Dumisani anazula lakale, nazika lobenthuka, nalimbana nalo mpaka TV yake yaing'ono inaonetsa munthu akuthamanga osaima m'malere. Anawaphunzitsa pokanikiza, akujambula ndi choko pakiyibodi. Akumanga dengu, a Eveles analoza bowo labuluu.

"Ili ndi la chiyani tsopano?"

"La sikirini. Mukadzaipeza muzidzalumikiza pamenepo."

"Iliyonse ilowa? Ngakhale imene inachoka pabokosi lomweli?"

"Makamaka imeneyo."

"Lichotse."

"Silichoka, mayi. Linabadwa nalo."

A Eveles anasoka chiguduli chawo n'kunyamuka.

Vidiyo sho inadzaza. Asodzi amagona m'mawa, masana alibe chochita, ndiye ankathithikana pamabenchi kuonera mafilimu a nkhondo oyera mbee, opanda mizere ija ya matepi. A Eveles ankakhala pakhomo ndi kandodo, msana ataulozetsa ku TV. Filimu sanaionerepo ndi imodzi yomwe. Mwana akasuzumira pabango, kandodo kankamupeza. Rute tsiku lina anapempha kuti atsegule timapepala ta bambo ake. Zilembo zinabwera zikunjenjemera, zosawerengeka, mwanayo n'kuyamba kulira. "Pukuta," anatero amayi ake. "Bambo ako anapita ndi makalata awo. Ife tatsala ndi a karate."

A Mose ankamva phokoso la mfuti za m'filimu ali pakhonde pawo, ndipo linkawalasa. Anapita kwa a Samueli, nkhoswe ya ukwati wa malemu, msodzi wokalamba wogontha khutu limodzi, nati mlandu suola, kugawa kuja kubwerezedwe. A Samueli anaitana mbali zonse. A Mose anati bokosi ndi sikirini ndi bwato ndi nkhafi yake, mudzi wonse unaziona zikugwira ntchito pamodzi. A Eveles anati bokosi la malemu linatha tsiku limene analidula mutu, ndipo chimene chikuonetsa zithunzi lero ndi khadi logulidwa ndi usipa wawo. A Samueli, amene anali atazolowera benchi yakutsogolo ku vidiyo sho ndipo sankafuna nkhani yaitali, anadula motere: Loweruka a Mose abweretse sikirini. Ikalumikizika n'kuyaka, ndiye kuti chinthucho chikadali cha malemu, chibwerere kumbumba, ndipo mayi asudzulidwe. Ikakana, aliyense asunge chake.

A Mose anatuluka akumwetulira. Anali atafunsa kale mnyamata wa kuloji uja, amene anawatsimikizira kuti bowo labuluu ndi limodzimodzi dziko lonse.

Lachisanu masana, a Mustapha ali kumzikiti, a Eveles anatsikira kugombe kumene amisiri amamata maboti. Anapempha phula lotentha pang'ono m'kachitini, nati ndowa yawo ikudontha. Anatseka chitseko cha chisakasa, natembenuza bokosi. Rute anagwira kachitini. Bowo labuluu lili ndi timaenje ting'onoting'ono tolandira mano a pulagi, ndipo amayi ake anatidzaza kamodzikamodzi ndi kamtengo ka machesi, modekha, monga ankasankhira miyala mumpunga.

"Amayi, nanga tikadzapeza sikirini yathu?"

"Gwira bwino, ukudontheza."

A Mustapha pobwera ananunkhiza, nasuzumira kumbuyo kwa bokosi, nagwira kumutu. "Astaghafiru. Mayi, mwatseka chitseko chanu chomwe."

"Chitseko chimene mbala ili ndi kiyi wake si chitseko."

Loweruka chisakasa chinadzaza kuposa tsiku la filimu yatsopano. A Mose analowa atavala suti ya malemu, sikirini itasenzedwa ndi mnyamata kumbuyo kwawo. Anaiika pabenchi, naipukuta ndi mkono wa jekete, natenga pulagi, nagwada kumbuyo kwa bokosi. Inakana. Anaitembenuza. Inakana. Anayandikiza mphuno.

"Ili ndi phula."

"Ndi phula, inde," anatero a Eveles ali pakhomo, kandodo kali pamiyendo. "Mphemvu zinkalowera pamenepo. Inu bowo lopanda ntchito m'boti mumalisiya?"

"A Samueli, mwaona? Wamata dala mayi ameneyu."

"Akuti chiyani?" anafunsa a Samueli, akutembenuza khutu labwino.

"Wamata!"

"Yalowa?"

"Ilowa bwanji atamata?"

"Ine ndinati ikalowa. Za phula sitinapangane."

"Mfiti ya kumatope," anatero a Mose, osayang'ana kukhomo. "Unadya mng'ono wanga, lero ukudya chuma chake."

"Suti mwavalayo ndi ya amene ndinamudyayo. Samalani, ingakuyabweni."

Wina kumbuyo anaseka, ena n'kutsatira. A Mose magazi anawakwera. Anagwira bokosi ndi dzanja limodzi, pulagi ndi linalo, nakankha ndi mphamvu zonse za munthu amene wakoka makoka moyo wake wonse. Kunamveka kaphokoso kakang'ono. Atazula, mano a pulagi anali atapindikira mbali zonse, ena atathyokera m'phula. Chingwe cha sikirini imeneyo n'chosachotseka, chinatulukira m'kati mwake. Tsopano sikanalowanso m'bokosi lililonse, lomata kapena losamata.

A Samueli anaimirira, nati aona okha, zinthuzi zakanana. Aliyense asunge chake. Ndipo popeza ana a malemu akudyera m'bokosimo, ndipo bokosi likugwira ntchito pano, mayi awo akhale pomwe ali, za kusudzula zidzaonekabe ana akakula. Anafunsa a Mustapha ngati filimu ya dzulo ija angaipitirize pamene inalekera.

Ndi mmene a Eveles anatsalira ku Senga Bay. Sanasangalale poyera, sanathokoze aliyense. Mawa lake anali pakhomo pomwepo ndi kandodo kawo. Sapereka moni kwa aliyense wa kubanja kwathu, ndipo anauza a Mustapha kuti mwana wa Mose asadzaponde m'chisakasamo ngakhale atabwera ndi ndalama yapepala. Akadutsa pakhomo pathu popita kugombe amalavula, osati kwambiri, kungoti tione. Ena amati ndi mayi wolimba, ena amati ndi njoka. Ine ndinganene zimene ndaona: ana awo akupita kusukulu atavala nsapato, ndipo Rute sadzatayipa chilembo ndi chimodzi chomwe pa makina a bambo ake. Zonse ziwirizi anazichita ndi munthu mmodzi, ndi kamtengo ka machesi.

A Mose sanagonje. Sikirini anaiika pakona ya chipinda, naifunditsa thumba. Patapita masiku anandiitana pakhonde, pepala ndi cholembera zili patebulo.

"Ankhoswe anagulidwa ndi benchi. Nkhaniyi ipite kukhoti kuboma. Ulembe m'Chingerezi, chija chovuta, kuti woweruza adziwe kuti kuno kulinso anthu ophunzira. Unene kuti anaba katundu wa mbumba m'dengu, anamuononga ndi phula, ndipo achoke pamalo athu."

"Nanga Rute ndi mng'ono wake?"

"Kwawo kuli mpunga. Sakafa ndi njala. Ndinakulipirira sukulu kuti uzindifunsa mafunso?"

Ndinawapempha kuti andipatse mpaka mawa. Za dengu zinali zoona, za phula zinali zoona, ndipo Chingerezi chovutacho ndinali nacho, chikundiyabwa m'manja chiyambire kutuluka sukulu. Woweruza akanawerenga ndithu, mwina akanafunsanso kuti walemba ndani. Ndinakhala kuseri kwa nyumba ndi pepalalo mpaka dzuwa linandipeza pamthunzi. Kenako ndinalibweza patebulo lili loyera, cholembera pamwamba pake, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti kalata yothamangitsa ana a malemu sidzatuluka m'dzanja langa, ngakhale zitatanthauza kuti m'nyumba ya bambo anga sindidzadyamonso.